Chikuta cha Nachisale

Tadala ndi Yamikani, gawo ili ndalemba m'Chichewa ngati magawo ena onse. Ndikudziwa kuti mudzavutika kuwerenga, poti ine ndikakufunsani kanthu mumandiyankha m'Chingerezi chanu cha ku Glasgow chimene mpaka lero ndimamva theka lokha. Mudzavutike basi. Inenso ndavutika nacho chinenero chanucho zaka zambirimbiri popanda wondimvera chisoni. Mumadziwa kuti bambo anu anapumira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Chimene simudziwa ndi momwe ndinapezekera kumeneko, komanso chifukwa cha zimene ndinachita pakhomo pako chaka chatha, iwe Tadala, zimene mpaka pano sunandikhululukire.

Ntchito yoyamba, kwathu

Ndinayamba ndi ntchito yoteteza nyama m'nkhalango ya boma. Anthu a m'midzi yozungulira ankangotitcha a gemu, ndipo sankatikonda. Nsapato tinkalandira mwa apo ndi apo, mfuti inali yakale kuposa ine, malipiro ankafika atatopa panjira. Koma kumeneko ndinaphunzira kuwerenga pansi. Ndowe ya njovu ndinkaiswa ndi ndodo n'kudziwa ngati mwini wake wadutsa m'mawa kapena dzulo. Udzu wopindika unkandiuza pamene njati yagona ndi kumene yalowera itadzuka. Ndinkayenda modzikweza, mapewa m'mwamba, poganiza kuti palibe nyama imene ingandibisire kanthu.

Chaka chimene tinafika ku Glasgow

Mayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, ine ndinabwera ngati katundu wawo. Pa viza ndinali wongotsatira. Tinapeza fulati ku Springburn, yonyowa m'makoma, ndipo katswiri wa njati uja anayamba kutsuka mbale m'malesitilanti. Patapita miyezi, mkulu wina wa kutchalitchi anandiuza kuti kumalo ena osungirako nyama kunja kwa mzinda, kupitirira Easterhouse, akufuna munthu wopala ndowe. Ndinakwera basi m'mawa mwake. Mwini malowo anali mzungu wokalamba, woumira pa ndalama koma wokonda nyama zake. Sanafunse mapepala a sukulu. Anandiyang'ana m'manja, n'kundipatsa fosholo.

Malowo anali osauka. Kunali agwape, mimbulu iwiri yotha mano, akadzidzi, ndi mbuzi zoti ana azisisita. Udzu wogonera nyama unkatha mwezi usanathe, zakudya zambiri zinali zipatso zofota zimene masitolo ankatipatsa m'malo motaya. Chimene anthu ankalipirira pageti chinali chimodzi: chimbalangondo chakuda chachikazi, mtundu wa ku Amereka. Pachikwangwani chinali ndi dzina lachingerezi, koma ine ndinkachitcha Nachisale, chifukwa kayendedwe kake kankandikumbutsa mayi wina wophika kachasu kwathu, wojintcha, wosafulumira, wosaopa munthu. Ankakhala m'kankhalango kotchingidwa ndi waya, momwe munali mitengo ya paini ndi ina yoyoyola masamba, ndi mtengo waukulu umene mphepo inazula kalekale n'kusiya mizu ili m'mwamba. Woyang'anira wake anali a Dougie, mkulu wa ku Gorbals wa mano ochepa ndi mawu ambiri, amene ankanditcha bigimani kuyambira tsiku loyamba.

Chisanu choyamba

Mu Seputembala ndi Okutobala Nachisale anadya mochititsa manyazi. Maapozi, nsomba, mapeyala, chilichonse chimene tinkaponya. Kenaka mu Novembala anayamba kuzilala. Ankanunkhiza chakudya n'kuchisiya, maso ali lende, mpaka tsiku lina sanatulukire n'komwe. Ine mtima unandiuluka. Kwathu chiweto chikakana kudya ndiye kuti chikufa, ndipo wodwala sitimusiya yekha, timakamuzonda, timamunyengerera kuti alaweko kanthu. Ndinaphika phala kunyumba mumphika wa mayi anu, ndinathira uchi wodula, n'kulinyamula pa basi nditalikulunga m'thawulo. A Dougie anandipeza pawaya ndikuitana, "Odi! Nachisale, tadzukani mulaweko pang'ono!"

"Bigimani, ukutani?" anandifunsa.

"Akudwala. Masiku onsewa sanadye."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Sakudwala ameneyo. Wapita kukagona. Tidzaonana naye mu Malichi."

"Mu Malichi? Nanga adzidya chiyani?"

"Wadya kale. Sunamuone m'chiunomo? Nkhokwe yake wayenda nayo."

Anandigwira mkono n'kundizungulitsa mpanda wonse. Anandionetsa pansi pamene masamba ouma anachotsedwa n'kutsala dothi lokhalokha, ngati pabwalo pamene wasesa mtsikana wakhama, ndipo m'dothimo munali mizere ya zikhadabo. Chimbalangondo chimapalasa masamba ndi mapazi akutsogolo, n'kumawakokera chobwerera m'mbuyo mpaka kudzenje kwake. Anandionetsa nthambi za paini zolumidwa kunsonga, ndere zosendedwa pamiyala, ndi mulu wa dothi latsopano pansi pa mizu ya mtengo wozuka uja. Pamenepo panali kakhomo kakang'ono, moti simungakhulupirire kuti thupi lonse lija lalowa pomwepo. M'mawa wozizira kwambiri, m'mphepete mwa kakhomoko munkayera ndi chisanu chochokera ku mpweya wake. Ndinafunafuna ndowe pafupi, poti ndiyo inali sukulu yanga, koma a Dougie anati sindiipeza. Miyezi yonseyo nyamayi sidya, simwa, sikodza, sichita chimbudzi. Ine katswiri wa ndowe ndinali nditadutsa pazizindikiro zonsezo tsiku ndi tsiku osaona ngakhale chimodzi.

"Koma chimodzi usaiwale," anatero a Dougie. "Si tulo tofa nato ayi. Amamva zonse. Ukamusokoneza amathawa, ndipo mwina sabwereranso padzenjepo."

Phala lija tinamwa ife awiri m'kashedi ka zida, iwo akusekabe.

Zaka zotsatira zinali zabwino, ngakhale malipiro anali onyozeka. Chaka chilichonse ndinkadikira kusesa kwa Nachisale, ndipo ndinafika pomatha kulosera sabata imene alowe. Akalowa, mwini malo ankakhoma chikwangwani chakuti chimbalangondo chagona. Alendo ankanyinyirika kuti alipira pachabe, iye ankangowauza kuti adzabwere maluwa akaphuka.

Chaka cha mkamwini

Nkhalamba ija itamwalira, malo anatenga mwana wake wamkazi, ndipo iye anawapereka m'manja mwa mwamuna wake. Kwathu mkamwini amadziwa malire ake, koma kuno amapatsidwa mudzi wonse. Munthuyu kale ankagulitsa makapeti. Ankabwera kumakola atavala tayi, choncho ine ndinkamutcha Tayi, ndipo musayembekezere kuti ndimulemekeza m'bukuli. Nyama sankazidziwa, sankafunanso kuzidziwa. Ankadziwa kuti ana a nyama amakoka anthu. Mu Juni anabwereka chimbalangondo chachimuna kumalo ena, chinakhala ndi Nachisale masabata angapo, n'kubwerera kwawo.

Chisanu chitayandikira, Nachisale anasesa kuposa zaka zonse. Anapalasa masamba mpaka kufupi ndi waya, anathyola paini, anakokera udzu wouma m'dzenje mpaka kakhomo kanatsala pang'ono kutsekeka. Ine ndi a Dougie tinangoyang'anana. Tayi anafunsa ngati tingamamupatse zakudya zotsekemera kuti akhale maso pa Khirisimasi alendo amuone. Dokotala wa nyama amene ankabwera mwa apo ndi apo anakana, ndipo Tayi anatupa masaya mwezi wathunthu.

Januwale wotsatira

M'mawa wina chakumapeto kwa mwezi, pansi pali gwa ndi chisanu, ndinaima pawaya pafupi ndi mtengo wozuka uja. Ndinamva kaphokoso konjenjemera, kosalekeza, ngati chigayo chikulira kumudzi wakutali. Kenaka kulira kwenikweni, kofanana ndi kwa khanda la munthu. Ndinathamangira a Dougie. Anatchera khutu nthawi yaitali, maso ali ndi misozi, ngakhale anati ndi mphepo.

"Akuyamwa," ananong'ona. "Alipo awiri, ndikuganiza."

Anandifotokozera kuti ana a chimbalangondo amabadwa aang'ono ngati makoswe, maso otseka, ubweya wosakwanira, ndipo chowasunga ndi kutentha kwa mayi awo basi. Mayi akachoka nthawi yaitali m'nyengo ngati imeneyo, ana amazizidwa n'kufa. Kenaka anandigwira paphewa.

"Bigimani, ife sitinamve kanthu. Wamva? Mpaka adzatuluke nawo yekha mu Epulo. Uja wa tayi asadziwe."

Apa ndi pamene muyenera kumvetsa bambo anu. Kwathu mwana akabadwa, pali zinthu ziwiri zimene zimayendera limodzi. Choyamba, mayi amabindikira m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa, ndipo timati ali m'chikuta. Salowamo munthu wamba. Chachiwiri, nkhani imapita msanga kwa mwini mbumba, chifukwa ndiye amene amaonetsetsa kuti chikutacho chikulemekezedwa. Kubisira mkulu kuti pakhomo pake pabwera mlendo ndi chipongwe chachikulu. Ine ndinaleredwa choncho, ndipo ku gemu ndinaphunzitsidwanso kuti chimene waona m'tchire umakanena kwa bwana.

Madzulo ndinauza mayi anu akukonzekera kupita ku shifiti.

"A Dougie akuti musanene? Ndiye musanene, bambo a Tadala. Kuno si kumudzi."

"Mwana kubadwa pamudzi, mwini mudzi osadziwa? Akadzamva kwina adzati ndine munthu wotani?"

"Vuto lanu mumaganiza kuti manijala ndi malume anu," anatero akumanga nsapato. "Ine mamanijala ndimakhala nawo tsiku lililonse. Mukamuuza siikhalanso nkhani yabwino, ikhala bizinesi."

Sindinawamvere. M'mawa mwake ndinagogoda ku ofesi, ndinavula chipewa, n'kumuuza Tayi kuti kwabadwa ana. Ndinamufotokozera za chikuta m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndinamupempha kuti pasafike munthu kapena phokoso mpaka mayi adzatuluke yekha. Anaimirira n'kundigwira chanza, koyamba chiyambire ntchito. Anati mwambowo ndi wokongola kwambiri, ndipo ndisadandaule. Ndinatuluka mtima uli mbee, ndikudziuza kuti a Dougie amangoweruza anthu.

Sabata isanathe, tsiku limene a Dougie anali pa ofu, ndinaona galimoto ya pamalopo, ya zitsulo m'mawindo, ikubwera kumpanda wa Nachisale. Munali Tayi, wojambula wa nyuzipepala, ndi munthu wina atanyamula mtengo wautali wachitsulo, kunsonga kwake atamangirira nyale ndi kamera. Kunkagwa mvula yosakanikirana ndi sinowo. Kiyi wa geti anali ndi ine.

"Tsegula," anatero Tayi.

"Bwana, munandilonjeza."

"Kanthawi kochepa chabe. Wagona, samva kanthu."

"Amamva. Akadzidzimuka athawa, ana atsala pachisanu."

"Kodi nyamayi ndi yako?"

Ndinaganiza za inu awiri, muli aang'ono. Ndinaganiza za lendi, za mayi anga kumudzi amene ankadalira ine, za masinki a m'malesitilanti amene ndinkati ndinatsanzikana nawo. Kenaka ndinaika kiyi m'thumba, ndinatsamira geti ndi msana. Chingerezi chinandithawa, ndinangoti, "Ali m'chikuta. Simulowa."

Tayi sanakuwe. Anandiuza mofatsa kuti ntchito yanga yatha pompo chifukwa chokana lamulo. Anatulutsa foni, n'kunena kuti kiyiyo ndi katundu wa kampani, ndipo ndikapanda kupereka aitana apolisi. Ana anga, inu muli ndi mapasipoti a kuno, simungamve chimene mawu amenewo amachita kwa munthu wongotsatira pa viza ya mkazi wake. Mlandu umodzi ukanatibweza tonse. Ndinatulutsa kiyi, koma sindinamupatse m'manja. Ndinamuika pansi pamatope kuti awerame yekha. Anawerama, tayi inakhudza matope, ndipo ndicho chokha chimene ndinapindula tsiku limenelo.

Ndinaonera zonse ndili panjira ya alendo. Anayandikira ndi galimoto, anatulutsa mtengo wachitsulo uja pawindo n'kulowetsa nyale m'dzenje. Ndinamva Nachisale akufwenthera mwamphamvu, mano akugundana. Kenaka anatumphuka, masamba ali pamsana, anathamangira kumapeto kwa mpanda n'kukwera paini mpaka pamwamba. Iwo anapitiriza kujambula, poti tsopano ana ankaoneka bwino. Pamene ndinkapita kokwerera basi, iye anali adakali mumtengo, mvula ikumukhuthukira.

A Dougie anandiimbira mawa lake. Nachisale sanatsike mpaka kunja kutada. Pamene Tayi anaganiza zoitana dokotala, ana anali atazizira kale. Anawafunditsa, anayesa botolo, koma onse awiri anapita. Ndinafunsa kumene awaika. Anati ali mufiriji, akudikira kupimidwa. Kenaka anati, "Ndinakuuza, bigimani." Ananena kamodzi kokha, sanabwerezenso moyo wawo wonse.

Lamulungu chithunzi chinali chitatuluka m'nyuzipepala. Titatuluka m'tchalitchi, abale anandizungulira. "A Mbewe, taona ana anu! Mwatitchukitsa Amalawi!" Mayi wina anali atadula chithunzicho kuti andipatse. Tiana tiwiri titapanikizana pamasamba, tikamwa tili yasa. Anthu ankati tikuyasamula. Ine ndinkadziwa kuti tikulira. Ndinalandira n'kunena zikomo. Kwathu khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, amakaika amayi okha mwakachetechete, salira mokweza. Inenso ndinachita chimodzimodzi, sindinauze Mmalawi mnzanga aliyense kupatula mayi anu.

Ndinakadandaula ku ofesi yoona za nyama, kumene anthu amadandaula. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi ndi bisiketi. Tayi anawauza kuti mayi wobereka koyamba nthawi zina amakana ana ake, ndi chilengedwe. Mlandu unagwera Nachisale. Ine anandithokoza chifukwa chobwera.

Mayi anu mpaka lero amafuna ndivomere kuti ndinalakwa kukanena. Sindivomera. Ulemu umene ndinapereka unalibe banga, woulandira ndiye anali wowola. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lino linandiphunzitsa kuti munthu wanzeru ndi amene amabisira mkulu wake, ndipo phunzirolo linalipiridwa ndi ana amene sanaone n'komwe dzuwa.

Zaka za kunyumba ya okalamba

Ntchito ya nyama sindinaipezenso. Amene wachotsedwa chifukwa chokana lamulo, mbiri imamutsogolera. Ndinalowa ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinaigwira mpaka kupuma. Kumeneko udindo wanga woyamba m'mawa uliwonse unali kuyatsa nyale ndi kudzutsa nkhalamba zimene zinkangofuna kugona, chifukwa ndandanda inkati yakwana nthawi yosamba. Ndinkazipepesa m'Chichewa, zina zinkandimwetulira osamva.

A Dougie anandiuza kuti chisanu chotsatira Nachisale sanasese. Masamba anagwa n'kuwolera pomwepo. Iye ankangoyenda m'mbali mwa waya, kupita ndi kubwera, nyengo yonse yozizira, mpaka anakumba kanjira ndi mapazi. Tayi anasangalala, poti alendo a Khirisimasi anamuona. Pambuyo pake anamugulitsa kwina, sindinadziwe kuti. Malowo anatsekedwa patapita zaka, pano pali nyumba zokongola. Ndimamva kuti Tayi akukhala bwino.

Chaka chatha

Iwe Tadala unabereka mwana wako woyamba, ndipo kuchipatala anakutulutsa msanga monga amachitira kuno. Unabwerera kufulati kwako ku Gorbals uli wotumbuluka, mwamuna wako atapita kukagula matewera, mayi ako ali ku shifiti. Ine ndinali kukhitchini pamene ndinamva phokoso pamasitepe. Anali amayi a kutchalitchi, motsogozedwa ndi Mayi Gondwe, atanyamula mabulangete ndi mafulasiki, akuimba chapansipansi. Anthu abwino, ndikudziwa, ndipo anabwera ndi mtima wabwino. Koma mafoni anali kale m'manja, wina atayatsa ndi kanyale kake.

Ndinatenga mpando wa kukhitchini, ndinatuluka, ndinatseka chitseko ndi kiyi n'kukhala patsogolo pake.

"Mwaswera bwanji, bambo? Tabwera kudzaona mlendo," anatero Mayi Gondwe.

"Ndaswera bwino, mayi. Ali m'chikuta."

Anaseka. "Aa, bambo, za chikuta ku Sikotilandi kuno? Komanso chikuta amalondera amuna? Kachithunzi kamodzi kokha koti tiposite pa gulupu, anthu akufunsa."

"Mudzabwere mchombo ukagwa. Mphatso siyani pamenepa."

"Zoona a Mbewe mukutibweza pakhomo?"

"Zoona, mayi."

Anaima kanthawi, anaona kuti sindikuseka, anasiya katundu n'kutsika akung'ung'udza. Ndikudziwa kuti dzina langa linayenda pa gulupu lija sabata yonse. Iwe unamva zonse uli m'kati, ndipo unandikalipira kudzera pachitseko, m'Chingerezi chako chija, kuti ndakuchititsa manyazi pamaso pa anthu, kuti kuno si kumudzi, kuti ndichoke pamenepo. Tsiku limenelo ndinamva mawu ako onse, ngakhale limodzi silinandiphonye. Koma sindinasunthe. Utasiya kukalipa m'nyumba munakhala zii, ndipo kuseri kwa chitseko ndinamva mdzukulu wanga akuyamwa, kaphokoso kakang'ono kosalekeza. Ndinakhala pampandopo mpaka mayi ako atabwera, kiyi ali m'thumba mwanga, ndipo panalibe munthu wondiuza kuti ndimuike pansi.